Mtengo weniweni wa inki ya makina a ma banner, ndi momwe mungasankhire wokugulitsani

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina pashopu panga, wa cha ku Namwera, amene wangogula kumene makina osindikizira ma banner, aja otambalala mamita 1.8 ochokera ku China. Anatulutsa foni n'kundionetsa mitengo itatu ya inki imene anamutumizira pa WhatsApp. Wina anali wogulitsa wa ku Limbe, wina wa ku Lilongwe, wachitatu munthu wa ku Joni amene amatumiza katundu pa basi. Wotsikitsitsa unali ngati theka la wokwerawo. "Ankolo, nditenge iti?" Ndinamuuza kuti manambala atatu okhawo sangandipatse yankho, ndipo ndinaona pankhope pake kuti akuyesa ndikumumana nzeru poopa mpikisano. Sizinali choncho. Funso limeneli ndi lalitali, ndipo ine ndinaliphunzira motaya hedi imodzi ndi kasitomala wamkulu mmodzi. Ndiye ndati ndilembe zonse bwinobwino, iye awerenge, ndi ena amene akulowa ntchito imeneyi kuno kunyanja ku Mangochi.

Tiyambe ndi zimene zili m'botolomo, poti kusiyana kwa mitengo kumayambira pamenepo. Ambirife kuno timagwiritsa ntchito inki ya eco-solvent. Ndiyo imagwira pa banner ya PVC, pa sitika yomata pa galimoto kapena pa chitseko cha golosale, ndi pa one way vision, sitika ija ya timabowo ya pagalasi la minibasi. Ilipo ina ya solvent yeniyeni, ya fungo lowawa m'maso, imene amathira m'makina a mamita 3.2 osindikiza zikwangwani zikuluzikulu zimene mumaziona m'mbali mwa msewu wa M3. Ilipo ya UV, youma pomwepo ikaunikidwa ndi nyale yake, yotha kulemba pa thabwa ndi pa galasi. Ilipo ya latex, imene kampani ya HP inabweretsa mu 2008, komanso ya sublimation ya pa mbendera ndi majezi a mpira, imene imalowa m'nsalu ikapsa pa madigiri pafupifupi 200. Magulu amenewa salowana, ndipo aliyense ali ndi makina ake. Ine ndikamba za eco-solvent, yomwe ndimaidziwa ndi manja anga.

Mu inki imeneyi muli ufa wosalala kwambiri umene umapereka mtundu. Muli ulimbo womata ufawo pa pulasitiki. Muli madzi a mankhwala amene amafewetsa pang'ono pamwamba pa PVC kuti utoto ulume, kenako iwo amauluka. Mulinso timankhwala tina toletsa ufa uja kudikha pansi kapena kugwirana timibulu. Zonsezi ziyenera kudutsa m'timabowo ta mutu wa makina, umene tonse timangoutcha hedi, ndipo kabowo kamodzi n'kakang'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Hedi ya Epson DX5 ili ndi timabowo 1,440, ya XP600 ili ndi 1,080, ya i3200 ili ndi 3,200. Kuseri kwa kabowo kalikonse kuli kachipangizo kamene kamanjenjemera kakalandira magetsi, n'kukankha kadontho kamodzi. Inki ikakhala yamadzimadzi kwambiri imadontha yokha ndi kumwazika. Ikakhala yolimba pang'ono, kabowo kamaphonya, ndipo pa banner pamatuluka mizere yoyera ija imene kasitomala amaiona asanalowe n'komwe m'shopu.

Amene anapitapo kuchigayo amadziwa kuti mgaiwa ndi ufa woyera zimachokera ku chimanga chimodzi, koma ntchito yake ndi yosiyana. Ndi mmenenso zilili ku fakitale ya inki. Kugaya ufa wa utoto mpaka usalale mofanana, kusefa kangapo, kuyeza mgolo uliwonse kuti ufanane ndi wa mwezi watha, zonsezi zimadya ndalama. Wofuna kutsitsa mtengo amadula pamenepo: amagaya mofulumira, amasefa kamodzi, amasankha utoto wosalimba pa dzuwa, kapena amachepetsa ufa n'kuchulutsa madzi. Ndi maso simungazione. Mabotolo awiri a magenta, inki yofiirira ija, amaoneka chimodzimodzi pa shelefu.

Pamsika, inki ili m'magulu atatu. Pamwamba pali ya eni makina, monga Roland, Mimaki, Mutoh ndi Epson, makampani a ku Japan onsewa. Yawo nthawi zambiri imabwera m'makatiriji a 220 ml kapena 440 ml okhala ndi chip, ndipo ukawerengera pa lita imadula kangapo kuposa ina iliyonse. Chifukwa china n'chakuti makampani otere amapeza phindu lawo lalikulu pa inki imene mudzagula zaka zonse makinawo ali moyo. Koma si umbombo wokha. Inkiyo anaiyezera pa hedi yawo, ma profile a mitundu, omwe ndi malangizo a kuchuluka kwa inki yothira pa mtundu uliwonse, amabwera okonzeka mu pulogalamu yawo, monga VersaWorks ya Roland kapena RasterLink ya Mimaki, ndipo waranti imagwira ngati mukugwiritsa ntchito yawoyo. Pakati pali makampani odziwika opanga inki yolowa m'makina a ena, monga Nazdar ya ku America, Marabu ya ku Germany ndi NUtec ya ku Cape Town. Mafakitale ena a ku China amene amatumiza inki pamodzi ndi makina awo ndimawaika pomwepa, chifukwa ena mwa iwo amapanga zabwino ndithu. Pansi pali mabotolo a lita imodzi opanda dzina la fakitale, ongomatidwa kapepala kolembedwa kuti ndi ya DX5 kapena XP600, ena otungidwa mu mgolo n'kuthiridwa m'mabotolo ndi wogulitsa yemweyo. Sindikunena kuti onse a gulu lachitatuli ndi oipa. Vuto lake n'lakuti botolo la lero likakhala labwino, palibe chokutsimikizirani kuti la mwezi wamawa lichokera mu mgolo womwewo.

Tsopano masamu, amene ndiwo mtima wa nkhaniyi. Kasitomala sagula lita. Amagula sikweya mita, ndiye nanunso muziwerengera inki pa sikweya mita. Makina a eco-solvent amamwa cha m'ma 10 ml mpaka 15 ml pa sikweya mita imodzi, mitundu yonse inayi kuphatikiza, malinga ndi chithunzicho. Banner ya msonkhano yoyera kumbuyo, ya malemba ochepa, imamwa pang'ono. Ya ukwati kapena ya chinkhoswe, yakuda bii kumbuyo ndi zithunzi ziwiri zazikulu, imamwa kwambiri.

Manambala otsatirawa ndangowayerekeza kuti njira ioneke. Inu muikepo anu. Tinene kuti inki yoyamba ndi K60,000 pa lita, yachiwiri K100,000. Pa botolo, kusiyana ndi K40,000, ndipo mtima umathamangira yoyambayo. Koma yoyamba ili ndi ufa wochepa, ndiye kuti kufiira kufike pamene kasitomala akufuna mumakweza inki mu pulogalamu, n'kumathira 14 ml pa sikweya mita. Yachiwiri ikukwana ndi 10 ml. Yoyamba yakudyerani K840 pa sikweya mita, yachiwiri K1,000. Kusiyana kwatsika kufika pa K160. Onjezani hedi. Tinene kuti hedi yatsopano pamodzi ndi mmisiri woiika, thiransipoti yake kuchokera ku Blantyre ndi malo ogona zikukwana K1,200,000. Ngati ndi inki yoyamba hediyo yafa itasindikiza masikweya mita 3,000, sikweya mita iliyonse yasenza K400. Ngati ndi yachiwiri yafika 8,000, yasenza K150. Tsopano yoyamba ili pa K1,240, yachiwiri pa K1,150. Ndipo sitinawerengere banner zotayidwa chifukwa cha mizere, inki yopita mu chigubu cha zinyalala nthawi iliyonse mukatsuka hedi, ndi masiku amene makina ali chete koma lendi ndi malipiro a anyamata zikuyenda.

Masamu omwewa akhoza kutembenuka, ndipo ndiyenera kunena zimenezi moona. Ngati makina anu ali ndi XP600, imene ndi hedi yotsika mtengo ndipo moyo wake ndi waufupi kale, komanso ntchito yanu yambiri ndi ya masiku ochepa, monga banner ya mpira wa bonanza kapena ya sadaka imene mawa lake aipinda, kulipira inki yapamwamba kwambiri n'kutaya ndalama. Koma amene ali ndi i3200 kapena DX5, ndipo akusindikiza zikwangwani za malo ogona alendo ku Nkopola, Monkey Bay ndi Cape Maclear zimene ziima pa dzuwa zaka, asaseweretse hedi yodula ndi inki yosadziwika kwawo. Inki iyenerane ndi hedi, iyeneranenso ndi makasitomala amene muli nawo.

Manambala anu mungawapeze ndi kope ndi cholembera basi. Tsiku loyamba la mwezi dzazani matanki onse anayi n'kulemba mzere pamene inki yalekeza. Ntchito iliyonse lembani masikweya mita ake, kuphatikiza zimene zaonongeka. Botolo lililonse lotsegulidwa lilembedwe. Pakutha pa mwezi dzazaninso mpaka pamzere paja, muone mwathira zingati, mugawe ndi masikweya mita amene munagulitsa, osati amene munasindikiza. Yang'ananinso chigubu cha zinyalala. Ine nditachita izi koyamba ndinadabwa kuona kuchuluka kwa inki imene inkathera m'chigubumo, chifukwa mnyamata wanga ankati akaona kamzere kamodzi n'kutsuka hedi katatu motsatizana. Inki ya m'chigubu nayonso munaigula ndi ndalama. Ndipo pamene ndatchula chigubucho: musakhuthulire m'ngalande. Madzi onse a m'tauni muno amathera mu Shire, ndipo Shire akulowa mu Malombe, mmene abale athu akuponya makoka.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachikhudza, ndicho profile. Pulogalamu yotumiza chithunzi ku makina, kaya ndi Maintop kapena PhotoPrint imene imabwera ndi makina ambiri a ku China, imatsata profile kuti idziwe kuchuluka kwa inki yothira pa mtundu uliwonse. Profile imapangidwira inki inayake pa banner kapena sitika inayake. Mukasintha inki koma profile n'kukhala yakale, makina amathira mopyola muyezo, banner imachedwa kuuma, imamatana poikulunga, ndipo nkhope za anthu zimatuluka zofiirira ngati apsa. Wogulitsa amene amakupatsani profile ya inki yake, kapena kutumiza munthu wodzakuchepetserani malire a inki, wakupulumutsirani ndalama zoposa zimene wina angakuchotsereni pa botolo.

Kenako pali Mangochi weniweniyo. Malangizo a makina ambiri amanena za chipinda cha madigiri 20 mpaka cha m'ma 30. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapyola 35, ndipo m'shopu ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Inki ikatentha imasungunuka kwambiri, madontho amasintha kukula, ndipo pakamwa pa timabowo imauma msanga. Inki imene imayenda bwino ku Zomba kapena ku Limbe, kozizira, ikhoza kukuvutani kuno. N'chifukwa chake wogulitsa akandiuza kuti "makasitomala anga onse sadandaula," ndimafunsa ngati mwa makasitomalawo alipo wa ku Mangochi, Salima, Liwonde kapena Nchalo. Nthawi ya mwera fumbi limalowa paliponse, n'kukakamira pa kamphira kopukuta hedi ndi pa kapu yotseka hedi. Kapuyo ikapanda kutseka bwino usiku, m'mawa mupeza timabowo tauma, ndipo mudzanamizira inki pamene vuto ndi kamphira kotsika mtengo. Mabotolo osungira musawaike pashelefu ya pamwamba pafupi ndi malata. Akhale pansi, pamthunzi, m'katoni yake. Ndipo katoni imene yayenda makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Blantyre itamangidwa kumbuyo kwa minibasi pa dzuwa, isiyeni ipume usiku umodzi musanaithire.

Magetsi nawo ndi mbali ya mtengo wa inki. Akazima hedi ili pakati pa banner, imatsala pamtunda yosatsekedwa, ndipo mphindi zochepa pa kutentha kwa kuno zimakwana kuumitsa. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'masiku amenewo ndinaona kuti inki zina zimapirira kukhala maola angapo osayenda, zina ayi. Ka UPS, kabatire kosunga magetsi, kongokwanira kubwezera hedi pamalo pake ndi kotsika mtengo kuposa hedi.

Ndifotokoze tsopano za hedi yanga ija. Unali Okutobala. Ndinalandira oda ya bungwe lina limene linali ndi msonkhano pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja: ma banner, ma roll-up, ndi chinsalu chachikulu cha kumbuyo kwa olankhula. Magenta inali itatsala pang'ono. Wondigulitsa wa nthawi zonse anati katundu wake wakanirira panjira chifukwa banki sinamupatse madola. Ndinapeza munthu wina pa Facebook amene anali nayo, yotsika mtengo kwambiri, ndipo anandilumbirira kuti imagwirizana ndi ina iliyonse. Ndinatumiza ndalama pa foni, botolo linafika madzulo, ndipo ndinalithira pamwamba pa yotsala ija. Usiku umenewo inasindikiza bwino. M'mawa mwake mizere inayamba. Ndinatsuka, n'kutsukanso, mpaka magenta inasowa yonse pa test print, timizere timene makina amalemba poyesa timabowo. Nditatsegula thanki ndinapeza pansi pali zoundana ngati chambiko. Inki ziwirizo zinali ndi mankhwala osiyana, ndipo zitakumana ufa unagwirana. Zoundanazo zinadutsa m'mapaipi, zinadzaza ma damper, timatumba tosefa inki tokhala pamwamba pa hedi, zinakalowa mu hedi. Makina anakhala milungu itatu osagwira ntchito. Bungwe lija linakasindikiza ku Blantyre ndipo silinabwerenso. Wogulitsayo ananama, inde, koma dzanja lothira linali langa. Zimandiwawabe, makamaka ndikakumbukira kuti anyamata anga awiri ndinawalipira theka mwezi umenewo.

Kuyambira pamenepo, ndikamasankha wondigulitsa inki, mtengo ndimafunsa pomaliza. Choyamba ndimafuna kudziwa ngati amakhala ndi katundu yemweyo mwezi ndi mwezi. Makina athu amayenda ndi mitundu inayi, cyan (ya buluu), magenta, yachikasu ndi yakuda, ndipo umodzi ukatha zonse zaima. Wogulitsa amene lero ali ndi inki ya fakitale iyi, mwezi wamawa ya fakitale ina malinga ndi imene waipeza motchipa, ndi woopsa kuposa wodula. Ndimapempha kuona botolo: dzina la fakitale, hedi imene inkiyo inapangidwira, tsiku limene inapangidwa, nambala ya batch yosonyeza mgolo umene inachokera, ndi chidindo cha pakamwa ngati sichinatsegulidwepo. Inki ya eco-solvent nthawi zambiri imapatsidwa chaka chimodzi, ina kupyolerapo pang'ono. Botolo lotsitsidwa mtengo modabwitsa kawirikawiri limakhala kuti latsala miyezi iwiri. Ndimafunsanso pepala la chitetezo la mankhwalawo, limene amalitcha SDS; fakitale yeniyeni imakhala nalo, ndipo wotunga mu mgolo amayamba kuzungulira mukalitchula. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi mmisiri. Kodi wogulitsayo ali ndi munthu wodziwa makina, woyankha foni Loweruka madzulo, wotha kukuuzani pa video call kuti vuto ndi damper osati hedi? Kodi amasunga ma damper, makapu, mapampu, ndi madzi otsukira a inki yomweyo? Kwa ife a kutali, ichi ndi chachikulu. Mnzathu wa ku Ginnery Corner ku Blantyre makina akavuta amakwera kabaza n'kukatenga chosowacho. Ife kachipangizo kakang'ono kamatidyera tsiku lathunthu, mwinanso awiri.

Pamitengo itatu ya mnyamata uja panalinso msampha wina. Wina anaphatikizamo VAT, imene kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti, wina sanaphatikize, ndipo wa ku Joni sanatchule za thiransipoti ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza. Musanayerekeze, mitengo yonse ifike pakhomo la shopu yanu. Ngati munalembetsa VAT ku MRA, risiti yovomerezeka imakubwezerani gawo limenelo, ndiye wodula wa risiti akhoza kukhala wotchipa kuposa wopanda risiti.

Za ku Joni ndinenepo pang'ono, chifukwa kuno kwathu pafupifupi banja lililonse lili ndi m'bale kumeneko, ndipo matransipota amabwera sabata ndi sabata. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ku South Africa kuli inki yabwino. Koma m'bale wanu si wosindikiza. Akalowa m'sitolo n'kupeza imene munamutuma yatha, amatenga ina yooneka mofanana, mwa mtima wabwino, ndipo mukaithira mwabwereza zimene ndinachita ine. Mutumizireni chithunzi cha botolo, mumuuze kuti ikasowa abwere chimanjamanja. Kuitanitsa nokha ku China pa Alibaba kumatsitsa mtengo wa lita kwambiri, koma fakitale imafuna mutenge makatoni ambiri, ndege zambiri zimavuta kunyamula zamadzimadzi za mankhwala, ndipo pa sitima kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam padutsa miyezi. Miyezi imeneyo ikuchoka pa chaka chija cha moyo wa inki. Shopu imodzi ya ku Mangochi singamalize katundu wotere asanaonongeke. Zimatheka ngati anthu atatu kapena anayi a hedi yofanana, wina ku Liwonde, wina ku Balaka, wina kuno, agwirizana kugawana, ndipo onse akhulupirika pa ndalama.

Nkhani ya kwacha siingasiyidwe. Inki yonse imachokera kunja, ndiye mtengo wake ndi wa dola ngakhale mulipire makwacha. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Kuonjezera apo, ogulitsa ambiri sapeza madola ku banki, amakawagula kunja kwa banki pa mtengo wokwera, ndipo zimenezo zimalowa m'botolo. Cholakwa chimene ndaona anzanga ambiri akuchita ndi kutchaja kasitomala potengera mtengo umene anagulira inki miyezi itatu yapitayo. Amaona ngati apindula, koma popita kukaoda amapeza ndalama yonse ija ikugula mabotolo atatu m'malo mwa anayi. Mpamba umatha choncho, mwakachetechete. Muzitchaja potengera mtengo umene mudzagulire botolo lotsatira. Pa quotation iliyonse lembani masiku amene mtengowo ukugwira, sabata imodzi kapena ziwiri, makamaka kwa mabungwe ndi maofesi amene amalipira patapita miyezi. Nayenso wokugulitsani mumufunse kuti mtengo wake ugwira mpaka liti, ndipo wabwino amakutsinani khutu katundu watsopano asanakwere.

Kusunga inki yambiri poopa kukwera kwa mitengo kuli ndi malire ake, chifukwa cha chaka chija ndi kutentha kwa kuno. Ine ndimasunga seti imodzi yosatsegula kuseri kwa imene ili m'makina, ndipo ndikangotsegula yosungirayo ndimaitanitsa ina tsiku lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Botolo limene lili ku Limbe silingakumalizireni banner ya mawa. Mitundu siitha mofanana, ndipo kope lija lidzakuuzani umene umathamanga pashopu panu. Kwa ine ndi yachikasu. Imalowa mu kufiira, imalowa mu kubiriwira kwa zikwangwani za mizikiti ndi madrasa, imalowa mu olenji, ndipo nthawi ya kampeni, monga ija ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, aliyense wa kuno akudziwa kuchuluka kwa nsalu ndi mapepala achikasu m'misewu yathu. Cyan imathamanga ndikakhala ndi ntchito za malo ogona alendo, poti aliyense amafuna nyanja pa chikwangwani chake. Wogulitsa wokakamiza kugula seti yonse ya mitundu inayi nthawi iliyonse amakusiyani ndi mabotolo akuda owunjikana akukalamba.

Nanga mukapeza wogulitsa wabwino kuposa amene muli naye, mungasinthe bwanji osapha hedi? Osati pakati pa oda, ndipo osati mu Okutobala kapena Disembala pamene maukwati ndi misonkhano zachuluka. Januwale kapena Febuluwale, anthu ali kumunda ndipo ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, ndiyo nthawi yake. Khuthulani inki yakale yonse m'matanki, tsukani matanki ndi mapaipi ndi madzi otsukira a inki yatsopanoyo mpaka atuluke oyera, ikani ma damper atsopano, kenako thirani. Musanatero, tengani timadontho ta yakale ndi ta yatsopano musakanize m'kabotolo kagalasi, musiye masiku awiri; mukaona zoundana pansi, dziwani kuti kutsukako kuyenera kukhala kosamala kwambiri. Sinthani mitundu yonse inayi limodzi, ndipo profile isinthenso.

Ngakhale musanagule, pemphani wogulitsayo akusindikizireni kachidutswa pa makina a kasitomala wake wina, pa banner ndi pa sitika, kokhala ndi kufiira, chikasu, kubiriwira, buluu ndi nkhope ya munthu. Kasiyeni tsiku limodzi kuti mankhwala auluke, monga timachitira tisanamate lamination, pulasitiki yoteteza pamwamba pake. Kenako kandani ndi chikhadabo, matanipo selotepi n'kumatula mwamphamvu, pukutani ndi kansalu konyowa ndi sipiriti pang'ono, muone ngati utoto ukuchoka. Mukatero dulani pakati. Theka liikeni m'dirowa, theka likhomereni panja pamene dzuwa limamenya tsiku lonse. Makampani akuluakulu amati inki yawo imafika zaka zitatu panja popanda lamination, koma kuyeza kwawo sikunachitikire pa dzuwa la ku Mangochi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu gundanitsani zidutswa ziwirizo. Chikasu ndi magenta ndizo zimayamba kuthawa, ndiye kufiira kumasanduka kotuwa ndipo nkhope imayamba kubiriwira. Kuseri kwa shopu yanga, pakhoma loyang'ana kumadzulo, pali zidutswa zisanu ndi chimodzi zokhomedwa ndi misomali, chilichonse cholembedwa tsiku ndi kumene inki yake inachokera. Mnyamata wa ku Namwera uja ndinamutengera kumeneko, ndipo anaima nthawi yaitali pa chachitatu, chimene chinakhomedwa mu Ogasiti ndipo pofika Novembala kufiira kwake kunali kutasanduka ngati dothi la katondo louma. Anafunsa kuti chimenecho chinali cha ndani. Ndinamuonetsa pa foni yake yomwe, pa mitengo itatu ija.